Anthu khumi akasowa: mbiri ya Ayuda a m'matauni ang'onoang'ono a ku Zambia



Teremu yapitayi, ndikuphunzitsa Fomu 4 za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mtsikana wina wochokera ku Mgona anakweza mkono nkufunsa kuti, "Aphunzitsi, Ayuda amene Hitler anapha aja, anachita kukawatenga ku Israel?" Anzake anaseka, koma ine sindinaseke. Funsolo linali labwino. Ana athu amadziwa Ayuda a m'Baibulo, amadziwanso Ayuda a pa wailesi, koma zimene zinachitika pakati pa awiriwa, zaka pafupifupi 2,000, silabasi yathu imangozilumpha. Ndinamuuza kuti dziko la Israel la masiku ano linakhazikitsidwa mu 1948, nkhondo itatha kale, ndipo kuti ambiri mwa ophedwawo anali anthu a m'midzi ndi m'matauni aang'ono a ku Ulaya. Belu linalira ndisanamalize. Zimene ndinalephera kunena tsiku limenelo ndi zimene ndalemba pano.

Kuti tione mmene midzi ya Ayuda inakulira nkudzatha, sitifunika kupita kutali. Zinachitika kwa aneba athu ku Zambia, m'mbali mwa njanji imene agogo athu ambiri anakwera popita ku migodi.

Kumene anachokera

Kuyambira mu 1791, mafumu a ku Russia analamula kuti Ayuda azikhala kumadzulo kokha kwa ufumu wawo, dera limene lero kuli Lithuania, Belarus, Ukraine, Moldova ndi mbali ina ya Poland. Kumeneko ambiri ankakhala m'timatauni ta msika totchedwa shtetl m'chiyankhulo chawo cha Chiyidishi. Mukafuna kuona shtetl m'maganizo, ganizirani za Mitundu kapena Nsaru: msika pakati, masitolo mozungulira, atelala, osoka nsapato, a ngolo, ndi alimi obwera kudzagulitsa mbewu tsiku la msika. Kusiyana kwake nkwakuti ogulitsa ambiri anali Ayuda, pamene alimi ozungulira anali a zipembedzo ndi ziyankhulo zina.

Mu 1881 mfumu Alexander II inaphedwa, ndipo magulu a anthu anayamba kuukira Ayuda, kuwotcha nyumba ndi kufunkha masitolo. Chaka chotsatira, 1882, boma linakhwimitsa malamulo: Myuda sankaloledwanso kukakhazikika mwatsopano kumudzi kapena kugula munda. Umphawi unakula, ndipo anyamata ankaopanso kulembedwa usilikali. Pakati pa 1881 ndi 1914 Ayuda pafupifupi 2 miliyoni anachoka mu ufumuwo. Ambiri anapita ku America, koma ena pafupifupi 40,000, makamaka a ku Lithuania, analowera ku South Africa atamva za dayamondi ndi golide. Njira yake inali yomwe ife timaidziwa bwino: mmodzi amatsogola, akapeza pogwira amatumiza ya ulendo kwa mng'ono wake, mng'onoyo nkudzaitana mlamu. Machona athu a ku Joni ndi ku Halale ankachita chimodzimodzi.

Ng'ombe ndi njanji

Awiri mwa anyamata amenewa anali Elie ndi Harry Susman, pachibale pawo, ochokera m'katauni ka Rietavas ku Lithuania. Mu 1896 ndi 1897 mliri wa rinderpest unapulula ng'ombe kumwera kwa Africa, koma ng'ombe za Alozi, m'dziko la mfumu Lewanika, zinapulumuka. Nyama inakwera mtengo ku Bulawayo ndi m'migodi. Mu 1901 abale awiriwa anawoloka Zambezi ndi katundu wa malonda, nsalu, mikanda ndi mabulangete, kukasinthanitsa ndi ng'ombe, nkumaziyendetsa pansi ulendo wa masabata ambiri kupita kumwera. Inali ntchito ya malungo, mikango ndi ngongole, ndipo ena amene anayesa malonda omwewa anafera m'njira.

Kenaka kunabwera njanji. Mlatho wa pa Victoria Falls unatha mu 1905, sitima inafika ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, mu 1906, ndipo mu 1909 inafika m'malire a Congo. Paliponse pamene sitima inkaima kumwa madzi pankaphuka sitolo: Kalomo, Choma, Monze, Mazabuka, Kafue. Lusaka amene timamudziwa lero anayamba chotero mu 1905, kasiteshoni ka patchire kotchedwa ndi dzina la nyakwawa ya pamalopo. Ambiri mwa eni masitolo oyambirirawa anali Ayuda. Sitolo inali ya malata, kutsogolo kauntala, kuseri chipinda chogona. Munkapezeka mchere, sopo, makasu, palafini, nsalu ndi njinga, ndipo mwini sitolo ankagulanso chimanga, zikopa ndi ng'ombe kwa alimi.

Ku Livingstone, limene linali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, Ayuda anakhazikitsa mpingo wawo mu 1910, ndipo mu 1928 anayamba kumanga sunagoge. Migodi ya kopa itatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ena anasamukira ku Ndola, Luanshya, Kitwe, Mufulira ndi Chingola. Kunabweranso Ayuda ena ochokera pa chilumba cha Rhodes, amene ankayankhula chiyankhulo chofanana ndi Chisipanishi. Likulu litasamukira ku Lusaka mu 1935, nakonso mpingo unakula nkumanga sunagoge wake m'zaka za m'ma 1940.

Lamulo la anthu khumi

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga, choncho ndikhalapo pang'ono.

Pa mwambo wa Chiyuda, mapemphero ena sachitika pokhapokha patasonkhana amuna akuluakulu khumi. Gulu limeneli amalitcha minyan. Popanda khumiwo, mpukutu wa Chilamulo suwerengedwa pagulu, ndipo mwana sanganene pemphero la Kaddish lokumbukira kholo lake lomwalira. Wansembe kapena nyumba yokongola sizofunika kwenikweni. Angathe kupemphera m'chipinda chodyera kapena kuseri kwa sitolo. Chofunika ndi anthu. Akakhala asanu ndi anayi, amadikira.

Tsono taganizirani banja limodzi lokha pa kasiteshoni ka njanji. Sabata lawo limayamba Lachisanu dzuwa likamalowa mpaka Loweruka madzulo, koma Loweruka ndilo tsiku limene malonda amayenda. Nyama imene amadya imafunika kuphedwa ndi munthu wophunzira mwambo wake. Mwana wamwamuna amadulidwa tsiku lachisanu ndi chitatu, ndipo wodziwa ntchitoyo mwina ali ku Bulawayo. Mnyamata akakwana zaka 13 amayenera kuwerenga Chihebri pamaso pa mpingo, ndiye kuti pafunika womuphunzitsa. Zonsezi munthu mmodzi sangazithe. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Pa zikondwerero zazikulu, monga Chaka Chatsopano chawo ndi Tsiku la Chitetezero, mabanja a m'masiteshoni ankatseka masitolo nkukwera sitima kupita kumene khumi angakwane.

Mudzi wa Ayuda, tingatero, unali ndi muyeso wake woonekeratu. Pamene amuna afika khumi, mudzi wabadwa: amagula malo a manda, kenaka amamanga sunagoge, kenaka amafuna mphunzitsi. Pamene atsika kufika asanu ndi anayi, nyumba ilipo, mabenchi alipo, koma mudzi wayamba kufa. Midzi yathu ilibe nambala yotere, nchifukwa chake imatha ife osazindikira.

Kwawo kunatha iwo ali kuno

Amene anabwera kuno ankatumiza ndalama kwawo ndi kulandira makalata, monga amachitira aliyense wa kuulendo. Koma zitseko zinayamba kutsekeka. South Africa inakhazikitsa malamulo mu 1930 ndi mu 1937 amene anachepetsa kwambiri Ayuda olowa m'dzikolo. Hitler atatenga boma ku Germany mu 1933, ofuna kuthawa anachuluka, koma mayiko amene anakumana ku Evian mu 1938 sanafune kuwalandira ambiri. Boma la Britain linaganizapo zokhazika mabanja othawa ku Northern Rhodesia, ndipo dera la Mwinilunga linatchulidwa, koma azungu okhala m'dzikolo anakana ndipo maganizowo anafera m'mafailo. Amene anakwanitsa kulowa nkhondo isanayambe anali mazana ochepa chabe.

Mu June 1941 asilikali a Germany analowa mu Lithuania. M'miyezi yochepa, iwo pamodzi ndi anthu ena a m'dziko momwemo amene ankawathandiza anasonkhanitsa Ayuda a m'katauni kalikonse, kuwatengera kunkhalango, nkuwawombera m'maenje. Mwa Ayuda khumi alionse a ku Lithuania, oposa asanu ndi anayi anaphedwa. Ku Ulaya konse anaphedwa pafupifupi 6 miliyoni. Shtetl, imene inakhalapo zaka mazanamazana, inatha m'chilimwe chimodzi.

Ndikamaphunzitsa, nambala ya 6 miliyoni ana amangoilemba m'kope, sailawa. Mwina tiziwauza chonchi: taganizani muli pa ntchito ku Luanshya, makalata ochokera kwanu ku Dedza asiya kubwera, ndipo patatha zaka zinayi mukumva kuti mudzi wonse kulibe, amayi, alongo, anyakwawa, ngakhale wokuuzani pamene anaikidwa. Izi ndi zimene zinagwera eni masitolo a ku Mazabuka ndi ku Ndola. Kuyambira pamenepo analibenso kwawo kobwerera.

Anthu awiri, njira ziwiri

Tisawapake mafuta okhaokha. M'dziko la atsamunda Ayuda ankawerengedwa ngati azungu. Angerezi ena ankawanyoza ndi kuwatsekera kunja kwa makalabu awo, komabe iwo anali ndi mwayi wa malaisensi, sukulu ndi ngongole umene munthu wakuda analibe. M'matauni a ku Northern Rhodesia munthu wakuda ankagulira pa kawindo ka m'mbali, osaloledwa kulowa m'sitolo ya mzungu, ndipo m'zaka za m'ma 1950 chipani cha African National Congress cha Harry Nkumbula chinatsogolera anthu kunyanyala mabutchala ndi masitolo otere. Amalonda Achiyuda anali mbali ya dongosolo limeneli, ena mokondwa, ena mwamanyazi.

Anthu awiri akutionetsa bwino kusiyanaku, ndipo mmodzi mumamudziwa kale kuchokera mu silabasi. Roy Welensky anabadwira ku Salisbury mu 1907. Bambo ake anali Myuda wochokera ku Lithuania, mayi ake Mbunu. Anakula mosauka, anali wankhonya, kenaka woyendetsa sitima ku Broken Hill ndi mtsogoleri wa bungwe la azungu ogwira ntchito pa njanji. Ndiye anakhala nduna yaikulu ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1956 mpaka chinatha mu 1963. Pa 3 March 1959, pamene Dr Banda anamangidwa nkutumizidwa ku Gwelo, ndipo anthu anawomberedwa ku Nkhata Bay, mtsogoleri wa chitaganya anali iyeyu.

Winayo ndi Simon Zukas, amene mabuku athu samutchula. Anabadwa mu 1925 ku Ukmergė, ku Lithuania komweko, ndipo anafika ku Northern Rhodesia mu 1938 ali mnyamata. Akanachedwa zaka zitatu, bwenzi atathera m'nkhalango ya Pivonija, kumene Ayuda a m'tauni ya kwawo anaphedwera mu 1941. Ataphunzira uinjiniya ku Cape Town anagwirizana ndi anthu akuda polimbana ndi chitaganya chisanayambe nkomwe. Boma la atsamunda linamutsekera, ndipo mu 1952 linamuthamangitsira ku Britain. Anabwerera Zambia italandira ufulu, anatenga unzika, anakhala nduna m'boma la MMD m'zaka za m'ma 1990, ndipo anamwalira ku Lusaka mu 2021 ali ndi zaka 96.

Onse awiri mizu yawo inali m'dera limodzi. Wina anamanga chitaganya, wina anachikana mpaka kuthamangitsidwa. Mwana akadzakuuzani m'kalasi kuti "Ayuda ndi otere" kapena "Amwenye ndi otere", muuzeni za anthu awiriwa.

Mmene zinathera

Chiwerengero cha Ayuda ku Northern Rhodesia chinafika pachimake pakati pa zaka za m'ma 1950, pamene analipo opitirira pang'ono 1,000. Panali masunagoge ku Livingstone, ku Lusaka ndi m'matauni a migodi. Patangotha zaka makumi awiri, ambiri anali atatsekedwa. Palibe amene anawaukira kapena kuwawotchera nyumba. Nanga chinachitika nchiyani?

Zifukwa zina ndi za ndale ndi chuma. Zambia italandira ufulu pa 24 October 1964, ena anachoka poopa za mawa. Mu April 1968 Kenneth Kaunda analengeza ku Mulungushi kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani akuluakulu, ndi kuti malonda a masitolo, makamaka kunja kwa mizinda, akhale a nzika. Pakati pa zaka za m'ma 1970 mtengo wa kopa unagwa, ndipo matauni a migodi anayamba kufota.

Koma chifukwa chachikulu, mmene ndikuonera ine, chinayamba kale izi zisanachitike, ndipo chimatikhudza ife aphunzitsi. Chinali sukulu. Bambo amene anavutika kuseri kwa kauntala sankafuna kuti mwana wake adzayeze mchere moyo wake wonse. Ankamutumiza ku sekondale ku Bulawayo kapena ku South Africa, kenaka ku yunivesite. Mwanayo akakhala dokotala kapena loya, ku Monze akachitako chiyani? Akafuna mkazi wa chipembedzo chake, pa siteshoni ya mabanja atatu amupeza kuti? Choncho sankabwerera, ndipo makolo akakalamba ankagulitsa sitolo nkutsatira ana ku Johannesburg, ku London kapena ku Israel.

Chitsanzo chake ndi Stanley Fischer. Anabadwira ku Mazabuka mu 1943, ndipo anakulira m'nyumba ya kuseri kwa sitolo ya makolo ake. Ali ndi zaka 13 banja linasamukira ku Southern Rhodesia. Anakaphunzira ku London ndi ku America, anakhala wachiwiri kwa mkulu wa IMF kuyambira 1994 mpaka 2001, zaka zomwe ife kuno tinkamva dzina la bungweli tsiku ndi tsiku kwacha ikugwa, kenaka anatsogolera banki yaikulu ya Israel kuyambira 2005 mpaka 2013. Anamwalira mu 2025. Kwa makolo ake, mwanayu anali chipatso cha thukuta lawo. Kwa Ayuda a ku Mazabuka, anali munthu mmodzi wochotsedwa pa khumi aja.

Masiku ano Ayuda okhazikika ku Zambia ndi makumi ochepa, ambiri ku Lusaka. Sunagoge wa ku Livingstone anasanduka tchalitchi. Otsalawo anagulitsa malo a mipingo imene inatha, ndipo gawo la ndalamazo linathandiza sukulu ya zaudokotala ya Copperbelt University ku Ndola. Ku Livingstone kuli kanyumba kosungira mbiri yawo m'bwalo la Railway Museum, ndipo Hugh Macmillan ndi Frank Shapiro analemba mbiriyi m'buku la Zion in Africa mu 1999. Chotsala china ndi manda. Kwa zaka zambiri rabi Moshe Silberhaft wa ku Johannesburg anayenda m'matauni aang'ono a kumwera kwa Africa kuyendera okalamba otsala okha ndi kuonetsetsa kuti ziliza sizikumira m'tchire.

Nanga ife kuno?

Ku Nyasaland Ayuda sanachulukepo mpaka kupanga midzi yotere. Malo amene iwo anali nawo m'mbali mwa njanji ya ku Zambia, kuno anali a Amwenye. Iwo ndiwo anali ndi masitolo m'malo a malonda a kumidzi, mpaka boma la Dr Banda linalamula m'zaka za m'ma 1970 kuti achoke kumidzi, ndipo pofika 1978 anali atasonkhanitsidwa m'mizinda monga Blantyre, Limbe, Zomba ndi Lilongwe. Ine ndili mwana ndinkaona mizere ya masitolo a makhonde aatali, ena otsekedwa, ena mutalowa telala mmodzi ndi makina ake, ndipo sindinafunsepo kuti anamanga ndani. Mukadzadutsa m'malo akale a malonda pa msewu wa ku Dedza kapena wa ku Mchinji, dzayang'aneni nyumba zimenezi. Ndi mbiri imene sitinailembe.

Koma pali china chimene chimandisowetsa tulo kuposa masitolo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Likulu linabwera ku Lilongwe mu 1975, ndipo ambirife a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23 ndi Area 25 ndife ana kapena adzukulu a anthu amene anachoka kumudzi. Mwezi wa June ndinapita kwathu kukaika malume anga. Manda anakumba ndi amuna asanu ndi mmodzi, atatu a iwo a imvi, ndipo anayamba mbandakucha nkumaliza dzuwa litapendeka. Anyamata a m'mudzimo ali ku Lilongwe kuno pa kabaza, ena ku Joni, ndipo mu 2023 tinaona achinyamata athu akukwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel komwe. Ife a m'tauni tinafika ndi galimoto, tinapereka chipepeso, tinadya nsima, nkubwerera tsiku lomwelo chifukwa mawa lake kunali ntchito. Ana anga sadziwa malire a munda wa agogo awo.

Sindikunena kuti midzi yathu itha ngati Rietavas kapena Ukmergė. Kumeneko kunali kupha anthu mwadala, ndipo tisayerekeze zimenezo ndi china chilichonse. Sindikunenanso kuti midzi yathu ikusowa anthu, poti Amalawi ambiri akadali kumudzi. Chimene chikuchoka ndi anthu amene mudzi unawaphunzitsa. Pa mbali imeneyi ife aphunzitsi timagwira ntchito yofanana ndi ya bambo wa ku Mazabuka uja: mwana akakhoza bwino timamuuza kuti limbikira upite patali, ndipo akapita timanyadira. Sindingasiye kuwauza zimenezo. Ndikanakhala mphunzitsi wa Fischer, nanenso ndikanamuuza kuti apite. Koma ndi bwino tizidziwa kuti satifiketi iliyonse imene timasangalalira ili ndi mtengo umene wina kumudzi akulipira.

Pempho langa ndi laling'ono. Anzanga a Histole, tikafika pa mutu wa Hitler, tiyeni tipatule mphindi khumi tiwauze ana za Zukas ndi Welensky, kuti aone kuti mbiri ya ku Ulaya inadutsa pakhomo pathu. Ndipo pa holide tiwapatse ntchito iyi: akafunse agogo awo kuti sitolo yoyamba ya kwawo inali ya yani, inatsekedwa liti, ndipo mwini wake anapita kuti. Alembe mayina a mabanja amene anali m'mudzimo agogowo ali ana, ndi kumene ali lero. Ayuda a ku Zambia anapeza owalembera mbiri okalamba awo asanathe. Ife tikachedwa, tidzapeza ofunsidwawo atapita.

Kwa inu ana anga akale amene muli ku Joni, ku Ulaya kapena kuno ku Area 47 m'mipanda ya njerwa, sindikukuitanani kuti mubwerere kumudzi. Ndikungofunsa: kwanu, pa anthu amene amasenza maliro, kukonza mjigo ndi kukhala m'komiti ya sukulu, atsala angati? Mukadzapitako, dzawerengeni.

Mtsikana wa ku Mgona uja ndamusindikizira nkhaniyi pa pepala. Ndikamupatsa Lolemba.